Msomali ndi Madzi a Buluu

Munthu wokhala ku Mindolo, m'mzinda wa Kitwe, sasowa womuuza kuti mkuwa ndi ciani, pakuti migodi ya Nkana iri pafupi, ndipo ambiri mwa makolo a ana a sukulu adadyera momwemo. Koma tikafunsa mwana wa ku sekondale kuti mkuwa ucokera bwanji m'mwala, kawirikawiri ayankha ndi mau a m'buku, ngakhale sanaonepo cinthuco ndi maso ace. Tsono funso lathu ndi ili: kodi munthu wotere adziwa, kapena angokumbukira mau a eni ace?

Tiyerekeze phunziro limodzi la sayansi. Mphunzitsi apatsa ana madzi a buluu osungunuliramo mankhwala ochedwa copper sulphate, nawauza kuti aviikemo msomali. Posakhalitsa msomali uja ubvala mkuwa wofiira, cifukwa citsulo cilowa m'madzimo ndi kupitikitsamo mkuwa. Mwana amene waona zimenezi saiwala msanga. Koma kwa mnyamata wina msomali ukhala osasintha. Anzace onse alemba kuti wafiira, bukunso litero, ndipo nthawi iri kutha. Kodi iye alembe ciani?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Akalemba kuti msomali wafiira, mphunzitsi amconga, koma iye wacitira umboni cinthu cimene sanaone. Akalemba zoona, kapena anzace amseka. Komabe iyeyo ndiye wayamba sayansi, pakuti tsopano ayenera kufunsa cifukwa cace. Akuru adati umanena catsitsa dzaye kuti njobvu ithyoke mnyanga. Pofufuza apeza kuti msomali wace unali ndi mafuta amene anatsekereza madzi aja. Aupala ndi mcenga, nauviikanso, ndipo ufiira. Mnyamatayu wapindula kuposa anzace, cifukwa waphunzira za mkuwa, waphunziranso kuti kunena zoona kutsegula njira.

Makolo a dziko lino anadziwa mwambo umenewu kalekale. Azungu asanafike, anthu ankakumba miyala yobiriwira ku Kansanshi ndi ku Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola, naisungunula m'ng'anjo ndi makala ndi mvukuto. Wosula sakanatha kunamiza ng'anjo: moto ukacepa, mkuwa sunkaturuka, ngakhale iye alankhule mokoma cotani. Ku England nakonso, Michael Faraday, amene m'zaka za 1833 ndi 1834 analongosola malamulo a m'mene magetsi alekanitsira zinthu zosungunuka m'madzi, anayamba ngati mnyamata wosoka mabuku, nayesa ndi manja ace zimene anawerengamo. Mpaka lero mkuwa uyeretsedwa ndi magetsi motsata malamulo omwewo.

Ena adzatsutsa kuti, "Munthu sangathe kuyesa zonse. Ndani mwa ife anayeza kutalika kwa ulendo wa ku dzuwa? Ndiponso zipangizo n'zodula, ndipo ana acuruka." Mau awa ali ndi nzeru, ndipo tiwabvomera. Zambiri zimene tidziwa tidacita kumva, ndipo moyo sungayende popanda kukhulupirirana. Koma tikhulupirira buku cifukwa tiyesa kuti wolemba wace anaona nanena zoona. Mwana amene sanayesepo kanthu sadziwa kusiyanitsa mboni yoona ndi yonama. Kwa iye mau onse osindikizidwa alingana. Amene wayesa zinthu zowerengeka yekha adziwa kulemera kwa umboni, nakhulupirira mwanzeru.

Kunena za zipangizo, si zonse zifuna ndalama zambiri. Madzi ophikira kabici wofiira asanduka ofiirira ukathiramo mandimu, nabiriwira ukathiramo cidulo ca phulusa. Ndipo pomwepo mwana waona kusiyana kwa asidi ndi alikali. Bungwe la JETS, limene linayamba m'Zambia m'caka ca 1968, lakhala likulimbikitsa ana a sukulu kupanga ndi kuonetsa zinthu zoyesa okha.

Tikumbukenso kuti m'masiku a atsamunda nchito zaluso za pa migodi zinkasungidwira Azungu, ndipo Mwafirika ankauzidwa cocita osauzidwa cifukwa cace. Cingakhale camanyazi ngati ife eni, dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, tilera ana ongobwereza zouzidwa.

Mnyamata wa msomali uja mawa adzayeza mpweya pansi pa mgodi, kapena magazi a wodwala malungo m'cipatala. Akazolowera lero kulemba cimene akuru ayembekeza m'malo mwa cimene waona, tsiku lina munthu adzafa naco cizolowezi cimeneco. Cotero aphunzitsi asamdzudzule mwana amene zoyesa zace zakanika iye nanena zoona. Amfunse cimene waona, ndipo afufuze naye pamodzi mofatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.