Kodi Khutu Lifuna Sukulu?

Ku Linda, m'mzinda wa Livingstone, mwana amakulira pakati pa nyimbo. Wailesi ilira m'nyumba ya mnansi, ndipo tsiku la Sabata makwaya a mipingo amapikisana mau kufikira madzulo. Cifukwa cace makolo ena amadabwa pakumva kuti mphunzitsi watha ora lathunthu alikumvetsera nyimbo pamodzi ndi ana. Amati, "Kodi khutu lifuna sukulu? Ngakhale mbuzi imamva ng'oma." Funso lao si lacibwana ai, pakuti mabuku agulidwa ndi thukuta, ndipo palibe bwana amene amalemba munthu nchito cifukwa ca kudziwa kumvetsera silimba.

Komatu kumva ndi kutchera khutu ndi zinthu ziwiri. Cimangire ulalo wa sitima pa Zambezi m'caka ca 1905, mzinda uwu wasonkhanitsa mitundu yambiri: Atoka ndi Aleya eni nthaka, Alozi, Aluvale, Abemba, ndi anthu a kum'mawa. Mtundu uli wonse unadza ndi nyimbo zace. Tsono mnyamata akamva kuimba kwa mtundu wina amafulumira kunena kuti, "Ili ndi phokoso cabe." Apa ndipo pagona mlandu, pakuti iye amene wayesa nyimbo ya mnzace phokoso sacedwa kuyesa mnzaceyo munthu wopanda nzeru.

Citsanzo cabwino ndico nyeele, nyanga zimene Atonga a ku cigwa ca Gwembe amaomba pamodzi ndi ng'oma za budima. Mlendo amamva ngati cisokonezo, ngati ali yense angoomba monga afuna. Koma nyanga iri yonse iri ndi liu limodzi lokha. Mwini nyanga sangathe kuimba nyimbo yekha. Ayenera kudikira mpata wace, kuponyamo liu lace, ndi kulekera anzace. Akafulumira pang'ono, kapena akacedwa, nyimbo yaonongeka. Motero cimene mlendo anaciyesa cisokonezo ndico dongosolo lolimba, la anthu ambiri akumverana. Colakwa sicinali m'nyanga, cinali m'khutu lace losaleza mtima.

Ngakhale anthu ophunzira anagwa m'mbuna yomweyi. Azungu ambiri oyamba anayesa ng'oma za kuno kugogoda kopanda lamulo. Koma wansembe A. M. Jones, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku St Mark's, Mapanza, anakhala pansi namvetsera ng'oma imodzi imodzi. Anapeza kuti ng'oma iri yonse iri ndi mayendedwe aceace, ina iwerenga katatu pamene inzace iwerenga kawiri, ndipo zipingasana mwadala. Zimenezi anazilemba m'buku lace la Studies in African Music m'caka ca 1959. N'zocititsa manyazi pang'ono kuti mlendo anapirira cotero pamene ana a eni ng'oma amanyozera. Koma akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Mphunzitsi wa ku Linda safuna zipangizo za mtengo wapatali. Angathe kuitana nkhalamba yodziwa kalumbu, kapena kupita ndi ana ku Livingstone Museum kukaona zoimbira za makolo. Angathe kugawa kalasi pawiri, ena aombe m'manja katatu, ena kawiri, kufikira atamva malo pamene manja akumana. Angawauze kuti, "Tsatani ng'oma yaing'ono yokha, zinazo zilekeni." Poyamba ana amaseka, pambuyo pace kalasi imakhala cete.

Wina adzafunsa ngati mwanayo akakamizidwa kukonda nyimbo iri yonse. Iai ndithu. Nyimbo zina n'zosakoma, zina ziri ndi mau otukwana, ndipo mwana ali ndi ufulu wa kuzikana. Koma mfumu pa bwalo sigamula mlandu isanamve mbali zonse ziwiri, ndipo cofunika kwa mwana ndico kuti anene cifukwa cace wakana, atayamba wamva kufikira kumapeto.

Coopsa cimodzi ciripo, ndico mayeso. Phunziro ili lingasanduke kuloweza maina: silimba ndi ya Alozi, kalumbu ndi ka Atonga. Mwana angakhoze mafunso onse pa pepala, nalandira setifiketi yace, koma madzulo podutsa pa nyumba ya maliro ya mtundu wina nkutseka makutu monga kale.