Usasunge seva m'mutu, mdzukulu wanga

Mdzukulu wanga, amayi ako andiuza kuti kuntchito kwako akupatsa makiyi a seva. Ndinakondwa mpaka tiyi anandizizirira pakhonde. Dzana lomweli unkabwera kuno ku Matawale ndi mabuku a ku Chancellor College, imene lero mukuitcha UNIMA, kudzandifunsa chifukwa chimene pulogalamu yako inkakanira kuyenda. Lero anthu aika webusaiti yawo m'manja mwako. Ndiye takhala pansi undimvere. Ntchitoyi ndinakalamba nayo mumzinda muno, ndipo mawu a akulu akoma akagonera.

Langizo langa ndi limodzi: chilichonse chimene ukuchita pa seva chizikhala cholembedwa m'sikiripiti, osati m'mutu mwako. Zina zonse ndikuuzezi ndi nthambi za mtengo umenewu.

Tayang'ana phiri la Zombalo. Pamwamba pake pali damu la Mulunguzi, ndipo madzi ake amatsika m'mapaipi kudzafika m'nyumba zathu kunsi kuno. Mayi amene akutsegula mpopi m'mamawa saganizako za munthu amene amasamala mapaipi kumtunda kuja. Amam'kumbukira tsiku limene mpopi wauma. Woyang'anira seva ndi munthu wotero. Zomba ndi mzinda wa maofesi amene dziko lonse limawadalira: MANEB ili kuno, ofesi ya kalembera ya NSO ili kuno, yunivesite ili kuno. Kuseri kwa tsamba lililonse limene wophunzira wa ku Chitipa kapena ku Nsanje akutsegula pafoni kuli seva, ndipo kuseri kwa sevayo kuli munthu wonga iwe, amene dzina lake silitchulidwa zinthu zikamayenda bwino. Uvomere zimenezi ndi mtima wonse. Ulemu wa ntchitoyi ndi wakuti anthu asakukumbukire.

Udziwenso kuti sunayambe ndiwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makalata a pakompyuta a m'dziko muno ankadutsa pa Chancellor College pomwepa, pamakina amene ankayang'anira Dr Paulos Nyirenda a ku dipatimenti ya Physics. Makinawo ankaimba foni kunja kwa dziko, kutumiza makalata amene aunjikana, n'kulandira obwera. Intaneti yeniyeni inafika m'Malawi mu 1997. Ife amene tinalowa ntchitoyi nthawi imeneyo tinkaphunzira ndi manja, kugwa n'kudzuka. Ndikuuze kugwa kumodzi kumene sindidzakuiwala.

Chaka china mu Januwale, mvula ili pakati, ndinkagwira ntchito pa ofesi ina m'tawuni muno. Madzulo ake mitambo inatsika n'kuphimba phiri lonse, ziphaliwali zili ng'ani ng'ani, kenaka magetsi thi! M'kachipinda ka seva munatsala kulira kwa batire, pii, pii, ngati mwanapiye wosochera. Jenereta inachedwa kulira, batire linatha, seva inazima ili m'kati molemba. Magetsi atabwera, disiki inakana kudzuka. Ndinagunditsa khutu pabokosi lachitsulo lija, ndinangomva kaphokoso kakuti ke, ke, ke, ndipo ndinadziwa kuti madzi atayika.

Disiki ina tinaipeza m'mawa mwake. Kope la mafayilo a webusaiti tinali nalo. Chimene tinalibe ndi nzeru zimene zinamanga sevayo. Anaimanga ndi mnzathu wina waluso kwambiri, amene nthawi imeneyo anali atapita ku Joni. Kwa zaka zinayi ankalowa pa seva, lero kusintha mzere uwu, mawa uwo, vuto lililonse kulithetsa ndi zala zake, osalemba paliponse. Sindimuimba mlandu, pakuti tonse tinkagwira ntchito motero. Koma tinatha masiku atatu tikupapasa ngati anthu a mumdima: fomu iyi inkatumiza bwanji makalata? Chikwatu ichi anachitsekula kwa yani? Bwanji tsamba ili likufuna pulogalamu yakale? Kunja kwa chitseko anthu anali pamzere, ena atachokera kutali ndi ndalama yobwereka ya minibasi. Nkhope zawo ndi zimene zinandiphunzitsa kulemba.

Sikiripiti si matsenga. Ndi fayilo wamba mmene mwandandalikidwa malamulo amene ukanawalemba ndi manja, limodzi pambuyo pa linzake. Ikunena kuti: ika Nginx kapena Apache, koperera fayilo ya makonzedwe pamalo pake, tsekula khomo 80 ndi khomo 443 kuti alendo a webusaiti alowe, khomo 22 la SSH lilole okhawo amene ali ndi kiyi, makomo ena onse tseka, tenga satifiketi, konza zoti usiku uliwonse deta izikoperedwa kwina. Ukaipatsa kompyuta yatsopano imene ili ndi Linux yokha, imamanga seva yofanana ndi yakale iwe usanamalize kapu ya tiyi. Zimene zinatitengera masiku atatu zimasanduka ntchito ya mphindi zowerengeka. Ndiponso sikiripitiyo ndi kalata yopita kwa amene adzabwere pambuyo pako, yomuuza mmene nyumbayi inamangidwira kuyambira pamaziko.

Yesero lidzakufikira motere. Bwana adzaimba foni Lachisanu madzulo kuti tsamba lina lasweka. Iwe udzaona vutolo, mzere umodzi wokha. Mtima udzati: ndingolowa, ndikonze ndi manja, sikiripiti ndidzailemba Lolemba. Mdzukulu wanga, Lolemba limenelo silifika. Kuyambira tsiku limenelo seva ndi sikiripiti zimasiyana njira, ndipo tsiku la tsoka udzamanga seva imene ilibe mankhwala aja. Sintha sikiripiti poyamba, kenaka uiyendetse. Ngati moto wafika padenga moti wakakamizika kugwiritsa manja, usagone usanalembe.

Sikiripiti yabwino ndi imene ungaiyendetse kawiri, katatu, osaononga kanthu. Isanapange chikwatu iziyamba yaona ngati chilipo kale. Isanaonjezere mzere m'fayilo iziona ngati mzerewo mulibe. Zida monga Ansible, imene Michael DeHaan anaitulutsa mu 2012, anazipangira zomwezi: iwe umalemba mmene seva iyenera kukhalira, chidacho n'kukonza pokhapo pamene pasiyana. Koma usathamangire zida usanadziwe chimene chikuchitika pansi pake. Yamba ndi Bash, uwerenge fayilo ya makonzedwe mzere ndi mzere mpaka uthe kufotokozera mnzako ntchito ya liwu lililonse. Sikiripiti yotola pa intaneti, kapena yokulembera makina anzeru a masiku ano, usaiyendetse usanaimvetse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zolemba zakozo uzizisunga mu Git, chida chimene Linus Torvalds anapanga mu 2005, yemwe uja anayambitsa Linux mu 1991. Git imakumbukira amene anasintha, tsiku limene anasintha ndi mzere umene anasintha. Chimene singadziwe payokha ndi chifukwa chake. Chimenecho ulembe ndiwe. Usalembe kuti "ndakonza". Lemba kuti wakweza malire a kukula kwa fayilo chifukwa ophunzira amalephera kutumiza zikalata zawo. Pakadzapita zaka ziwiri, wowerenga mawu amenewo mwina udzakhala iwe wemwe, utaiwala zonse. Koma mapasiwedi ndi makiyi achinsinsi asalowe mu Git ngakhale kamodzi. Chimene chalowamo chimatsalira m'mbiri yake ngakhale utachifufuta pamwamba.

Tsopano ndikuchenjeze za mphamvu imene wapatsidwayi. Sikiripiti ndi wantchito womvera kopitirira: imachita zimene walemba, osati zimene umatanthauza, ndipo imazichita mofulumira. Taganiza za mzere wofufuta mafayilo akale m'chikwatu chimene dzina lake lasungidwa m'liwu lina. Tsiku lina liwulo likadzapezeka lopanda kanthu, lamulo la rm -rf lidzayambira kumizu ya disiki n'kusesa zonse. N'chifukwa chake pamwamba pa sikiripiti iliyonse ya Bash uzilemba set -eu, kuti ikapunthwa kapena ikapeza liwu losadziwika iime pomwepo, isapitirire ndi ulendo. Usanadzutsenso Nginx, yendetsa nginx -t kuti ikuuze ngati makonzedwe ali bwino. Ukhalenso ndi seva yoyeserera, ngakhale itakhala kompyuta yakale ya pansi pa tebulo. Ndipo usamalowe ngati root, mwini mphamvu zonse pa seva, pa ntchito iliyonse. Nkhwangwa sayenda nayo m'manja pokacheza.

Usaganize kuti ngozi zotere n'za ife osauka tokha. Kumapeto kwa Julayi 2012, kampani ya Knight Capital ya ku America inaika pulogalamu yatsopano pa maseva ake 8, koma imodzi inaiwalika n'kutsala ndi yakale. M'mphindi 45 za pa 1 Ogasiti kampaniyo inataya madola oposa 400 miliyoni. Anthu ake sanali mbuli. Dzanja la munthu limaiwala, ndipo palibe amene anazindikira msanga kuti seva imodzi yasiyana ndi zinzake. Mu Januwale 2017, katswiri wina wa ku GitLab, atatopa usiku, anafufuta deta pa seva yolakwika. Atathamangira kumene ankasunga makope, anapeza kuti njira zawo zingapo zosungira sizinkagwira ntchito, ndipo deta ya maola pafupifupi 6 inapita. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pankhani ya makope osungirayi ndipomwe ndikufuna undimvetsetse. Kope limene sunayesepo kulibwezeretsa n'chimodzimodzi nkhokwe imene sunasuzumiremo chikololere. Ungadzaitsekule mu Febuluwale n'kupeza anankafumbwe anamaliza kalekale. Lamulo la cron, loyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, lizikopera usiku uliwonse, inde, koma kamodzi pamwezi tenga kopelo ulibwezeretse pa seva yoyeserera, utsekule masamba, uone ndi maso ako. Kope lina lizikhala kunja kwa nyumba imene muli seva, ngakhale kunja kwa mzinda. Ukukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kukhala miyezi yambiri magetsi akuthimathima. Ukukumbukira Freddy mu Malichi 2023, mmene madzi ndi matope zinakokolera nyumba kuno kummwera. Ife tikamakonza seva timakonzera dziko lathuli, la mphezi, la madzi osefukira, la magetsi opita osatsanzika. Yesa kuzimitsa seva yoyeserera mwadzidzidzi, uone ngati zonse zikudzuka zokha popanda dzanja lako.

Palinso ntchito zina zimene munthu sayenera kuzisunga pamtima. Satifiketi za Let's Encrypt, zimene zimaika kaloko pa adiresi ya webusaiti, zakhala zikutha pakapita masiku 90. Ukadalira chikumbumtima chako, lidzakwana tsiku uli kumaliro kumudzi, alendo n'kuyamba kulandira chenjezo lakuti tsamba lanu n'losadalirika. Lola pulogalamu ya certbot izizikonzanso yokha, ndipo pakhale kasikiripiti kena kokutumizira uthenga ngati yalephera, ngati disiki yatsala pang'ono kudzaza, kapena ngati tsamba lasiya kuyankha. Uzimva vuto iwe poyamba, bwana asanaimbe.

Anthu a zankhalango paphiripa amalambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike, osati utsi utayamba kuoneka m'mapaini. Nawenso tero. Ukadzatsegula fayilo imene seva imalembamo olowa ndi otuluka, udzadabwa kuona makina achilendo ochokera kumaiko akutali akugogoda pakhomo 22 usana ndi usiku, kuyesa mapasiwedi. Sakudziwa iwe, sakudziwa Zomba. Akungoyesa chitseko chilichonse padziko. Mu Febuluwale 2024, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowerera makina opangira mapasipoti n'kumafuna dipo, ndipo Amalawi ambiri anakhala osalandira mapasipoti. Choncho zigamba zachitetezo uziika msanga, makomo osafunika akhale otseka, ndipo munthu akasiya ntchito kiyi yake ichotsedwe tsiku lomwelo. Zimenezinso zikhale m'sikiripiti. Kumbukira kuti m'sevamo muli maina a anthu, manambala awo, zotsatira za mayeso awo. Wapatsidwa kuti usunge, osati kuti uziwerenga.

Chotsiriza n'chokhudza mtima. Ndaonapo achinyamata aluso akubisa nzeru dala, poganiza kuti akakhala okhawo odziwa seva, ntchito siidzawathera. Ameneyo wadzimanga yekha unyolo. Sapita kutchuthi, sadwala mwamtendere, sakwezedwa chifukwa palibe wom'lowa m'malo. Mutu umodzi susenza denga. Likulu la dziko linachoka muno mu 1975 kupita ku Lilongwe, mabwana ndi makalaliki a nthawi imeneyo ambiri anatisiya, koma ukapita ku National Archives, imene yakhala ikusunga zolembedwa kuyambira 1947, ukapeza mafayilo awo akulankhulabe. Amene analemba akutithandiza mpaka lero. Amene anasunga m'mutu anapita nazo kumanda.

Ndiye ndikupatse ntchito. Mwezi uno usanathe, tenga kompyuta yopanda kanthu, uitane mnzako wa mu ofesi, um'patse sikiripiti yako ndi kope la deta. Iwe ukhale pambali, manja pamiyendo, pakamwa potseka. Paliponse pamene aime n'kukufunsa, dziwa kuti pamenepo pali nzeru imene idakali m'mutu mwako. Ilembe, ayambirenso. Tsiku limene adzadzutse webusaiti yonse osakufunsa kanthu, Loweruka lake udzakwere phiri. Ukadutse pa Ku Chawe, ukafike ku Chingwe's Hole, foni ili m'chikwama, mtima uli m'malo. Pobwerera udzandigulire mabulosi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, tidzadyere limodzi pakhonde pano, undiuze mmene zinayendera.