Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa

Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likamaswa mtengo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, madzi a m'zitsime za kudambo amathawira pansi. Pamalo pamene kamwana kankatunga chogwada mu Epulo, mayi amachita kutsetsereka ndi chikho m'manja, n'kukhala pansipo kudikira kuti timadzi tisonkhane. Akakweza maso ali m'menemo m'pamene amaona kutalika kwa dzenje limene wakhala akumwamo chaka chonse. Chili chodzaza, palibe anafunsapo kuti chimalekeza pati. Makolo anautola pamenepo mwambiwu.

Anthu amakonda kuutchula pamaliro a mfumu, a abusa kapena a munthu wandale. Ine ndimaona kuti umakhala bwino koposa pamaliro a mmisiri, bambo wa macheka ndi nsompho uja amene shedi yake yaudzu mumaidutsa tsiku ndi tsiku popita kuchigayo. Tamverani mbiri ya malemu ikamawerengedwa: anabadwa chaka chakuti, anabatizidwa kwakuti, anakwatira, asiya ana angati ndi zidzukulu zingati. Za ntchito yake amangoti "anali mmisiri wopala matabwa," basi, n'kupita ku chipepeso. Chonsecho mabenchi amene akhalapo akuluakulu ampingo anakhoma ndi iyeyo, chitseko cha nyumba ya siwayo n'chake, ndipo aka n'koyamba pa zaka zambiri kuti mudzi utume anyamata ku Mponela kukagula bokosi lokhomakhoma.

Komatu tsiku la maliro silionetsa kuya konse. Kumadzaoneka pang'onopang'ono, fodya akayamba kuthyoledwa. Nsanamira ya chigafa yapendekeka, goli lang'aluka, thabwa la ngolo lathyoka mabelo asanafike pamsewu wa M1 kuti akwere galimoto ya ku Kanengo. Kale munthu ankangonyamuka n'kukagwada pakhomo: "Bambo, tandionerani ngoloyi, ndidzakuonani fodya akatuluka." Iwo ankalemba m'kakope, nthawi zina osalemba n'komwe. Mmisiri wapaboma amene mwamupeza lero akufuna ndalama yonse patsogolo, ndi ya thiransipoti yomwe. Apa m'pamene mlimi amazindikira kuti zaka zonsezi ankalima ndi mpamba wa munthu wina. Ndipo tinene zoona, ambiri mwa amene amalira mokweza pamaliro a mmisiri ali ndi maina m'kakope kaja, ndipo ndi ochepa amene amabwera okha kudzapereka kwa namfedwa.

Sindikuti amisiri ndi angelo. "Bwerani mawa" ndi nyimbo yawo, ndipo wina amatha kudyeratu ndalama ya kama thabwa asanaligule. Pa ichi tinkawanena ali moyo, mokweza ndithu. Zabwino zawo ndiye tinkazisungira tsiku la nkhata.

Kunyumba n'kumene mwambiwu umaluma kwambiri. M'midzi yambiri ya Achewa a kuno mwamuna amakhala pachikamwini, ndipo ngakhale atamanga nyumba yamalata, ena amamuonabe ngati wobwera. Mkamwini wotere amadzuka tambala woyamba, alime kaye mizere ingapo, kenako apite kushedi mpaka mdima. Fizi, feteleza, sopo, mankhwala a apongozi, zonse zinkatuluka m'thumba la ovolosi yake popanda kulengeza. Ana ankangodziwa kuti abambo awo ndi aukali ndipo salankhula zambiri. Teremu yotsatira ikamayamba m'pamene mayi amakhala pamkeka n'kuwerenga ndi zala zimene bambo a ana ankasenza okha.

Kenako amafika akuchimuna. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Koma kumudzi, zida za mmisiri zimakonda kubwerera "kwawo". Wina atenga macheka, wina hamala, wina chopalira matabwa, aliyense ati chikumbutso cha amalume. Chida chimodzi pachokha sichikhoma mpando. Zimene zinkadyetsa banja lonse zili pamodzi zimakachita dzimbiri m'nyumba zosiyanasiyana, ndipo wina amakagulitsa chake pamsika wa Madisi kuti apeze ya mowa.

Kuiwala amisiri sikunayambe lero. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok atakhazikitsa mishoni ya Mvera mu 1889, ndiponso ya Kongwe itatsegulidwa mu 1894, amishoni a Dutch Reformed ankaphunzitsa anthu kuumba njerwa, kumanga ndi kupala matabwa pamodzi ndi kuwerenga Baibulo. Dzina la mmodzi wa amishoniwo, Robert Blake, lili pachipata cha sukulu ya sekondale ku Kongwe mpaka pano. Nanga amene anaponda dothi, kutentha uvuni ndi kukweza mitanda, mwana wasukulu angatchule ngakhale mmodzi? M'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi muli nyumba imene inamangidwira bwanamkubwa wachitsamunda mu 1914, yomwe lero ndi malo ogona alendo. Alendo amayamikira makoma ake okhuthala, n'kufunsa za mzungu amene ankagonamo. Amene anasenza njerwazo kukwera nazo phiri ndi azigogo a anthu omwewo amene akulima m'munsimo.

Pali pamodzi pamene mwambiwu umatinamiza. Chitsime chikaphwa mu Novembala, mvula ya Disembala imachidzazanso, ndipo anthu amaiwala msanga. Mmisiri akapita, luso lake limabweranso pokhapokha ngati analisiya m'manja mwa wina. Apa bambo mwini amakhala ndi mlandu wake. Chifukwa chokonda ana, ankawathamangitsa pashedi: "Pitani mukawerenge, sindifuna mudzavutike ngati ine." Anawo aphunziradi, wina ndi mphunzitsi, wina namwino ku Lilongwe, ndipo ndani angawadzudzule? TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, ikuphunzitsa achinyamata ntchito zamanja ndi kuwapatsa satifiketi, ndipo n'zothandiza. Koma kudziwa pongoligogoda kuti thabwa ili la bulugama silinaume ndipo lipindika, kapena kusema goli loti lisatupitse khosi la ng'ombe pamtsetse wa ku Dowa, munthu amakutola ataima pambali pa wodziwa kwa zaka.

Kawirikawiri amene anaimadi pambalipo ndi mnyamata wothandizira uja, mwana wa kumudzi wina amene ankagwirira thabwa ndi kusesa utuchi, n'kumalandira ya sopo. Iyeyu ndiye akudziwa muyeso wa ngolo pamtima, akudziwanso amene ali m'kakope ndi amene anamaliza kulipira. Pogawa katundu samuitana chifukwa si wapabanja, ndipo mpamba wogulira zida zake alibe. Mukamufuna kuti akukonzereni goli, kamufunseni pasiteji ya kabaza pa Mponela, akupalasa njinga yobwereka.