Mbewa ya Manyazi ndi Ng'oma Yoliritsa

Tsiku la chionetsero cha zaulimi likafika m'midzi ya kwa Ngabu, pamachitika kanthu kamene ambiri sakalabadira. Alangizi amasonkhanitsa anthu pamunda wa mlimi amene thonje lake lachita bwino, nanena kuti, "Mayi, tafotokozerani anzanuwa mmene mwalimira." Mayi uja, amene walima dothi la makande kwa zaka 20, amazyolika, nakonzakonza chitenje chake, kenaka n'kuyankha kuti, "Fotokozani ndinu alangizi. Ine sukulu ndidalekera panjira, ndipo chaka chino ndangochita mwayi." Anthu amayamikira ulemu wakewo, koma amabwerera kwawo osamva kuti iye amabzala liti, amapatulira motani, ndiponso amazindikira bwanji mbozi zisanaboole nthonje. Funso ndi lakuti: kodi mayiyu wachita bwino kapena walakwa?

Vuto lakeli si la alimi okha. M'chaka cha 1978 akatswiri awiri a za maganizo a anthu ku America, Pauline Clance ndi Suzanne Imes, adalemba za amayi oposa 150 amene adali ophunzira kwambiri ndiponso olemekezeka pantchito zawo. Ngakhale adali ndi madigiri, amayiwo mumtima ankakhulupirira kuti sadziwa kanthu, kuti adangodutsa mwamwayi, ndipo kuti tsiku lina anthu adzawatulukira. Munthu wotere amadziona ngati wakuba amene wavala malaya a eni ake. Akatamandidwa amachita mantha, ndipo akalakwitsa pang'ono amati umboni wa umbuli wake wapezeka.

Kudzikayikira kotere kuli ndi mbali yake yabwino. Mwambo umaphunzitsa mwana kuti asadzitame, pakuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Mbiri ya chigwa cha Shire ikuchitira umboni kuopsa kwa ukatswiri wosadzikayikira. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda lidakakamiza alimi kupanga mizere m'minda yawo pofuna kuteteza nthaka, ndipo okana ankalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa m'ndende. Kukokoloka kwa nthaka kudalipodi m'madera otsetsereka, choncho cholinga cha lamulolo sichidali choipa. Koma alimi ambiri a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene kalelo kunkatchedwa Port Herald, adali ndi malimidwe awo oyenerana ndi malo a chidikha ndi otentha, ndipo adakana kwamtuwagalu. Mawu otsutsa lamulolo adamveka ngakhale kuchokera ku Khulubvi, kukachisi wa Mbona. Mkanganowo umakumbukiridwa ndi dzina lakuti nkhondo ya mitumbira. Akuluakulu a zamalimidwe aja adali ndi mapepala a sukulu, mayina ndi mphamvu. Chimene adasowa ndi kukayika kochepa chabe, kokwanira kuwachititsa kufunsa eni nthaka. Pajatu safunsa adadya phula.

Komabe nkhani yomweyi ili ndi phunziro lachiwiri. Patapita zaka, katswiri wa mbiri yakale wa ku Malawi, Elias Mandala, adayenda m'midzi ya m'chigwachi akucheza ndi nkhalamba, ndipo mu 1990 adasindikiza buku lofotokoza moyo ndi ntchito za alimi a kumeneko kuyambira 1859 mpaka 1960. Zimene agogo osadziwa kulemba adamuuza za madimba, thonje, njala ndi madzi osefukira zidakawerengedwa m'mayunivesite a kunja. Agogowo akadati, "Ife ndife yani kuti tiyankhule?" mbiri ya chigwa chonse ikadalembedwa ndi alendo okhaokha. Apa mpamene pakuonekera kuti kukhala chete kwa munthu wodziwa kumasiya bwalo m'manja mwa ena, ndipo ena mwa iwo amadziwa zochepa koma amayankhula mokweza.

Tsono kudzikweza ndi kudzinyoza n'zapachibale, chifukwa zonse ziwiri ndi bodza. Wodzikweza amanena kuti m'nkhokwe mwake muli mapira ambiri pamene muli mankhusu. Wodzinyoza amanena kuti m'nkhokwe mulibe kanthu pamene anansi ake akugona ndi njala. Bodza loyambalo anthu amalidzudzula msanga, koma lachiwirili amaliveka dzina la ulemu, motero limakhalitsa. Chikhalirecho zotsatira zake n'zowawa. Madzi atasefukira mu Januwale 2015, ndiponso pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, midzi yambiri ya ku Nsanje ndi Chikwawa idamizidwa. M'dera lotere msodzi amene amadziwa kuwerenga mtundu ndi liwiro la madzi a Shire kapena Ruo ali ndi nzeru yopulumutsa miyoyo. Ngati iye aona zizindikiro koma n'kukhala duu pamsonkhano wa m'mudzi poopa kusekedwa ndi ophunzira, manyazi akewo angaphetse ana a eni. Makolo adaneneratu kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo nthawi zina siifa yokha.

Ena angatsutse kuti munthu sayenera kudzilengeza yekha. Ntchito yake ndiyo imulengeze. Mfundoyi ili ndi nzeru, koma siikwanira. Ntchito imaonetsa kuti chinthu chatheka, osati mmene chathekera. Munda wa mayi wa kwa Ngabu uja ungathe kukopa maso a odutsa, koma sungawauze tsiku lobzala. William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali mnyamata wa zaka 14, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Mu 2007 adaitanidwa ku msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania. Adaima pamaso pa anthu otchuka ali ndi mantha, Chingerezi chake chili chopereweza, koma adafotokoza zimene adachita ndi manja ake. Kuyankhula kumeneko kudamtsegulira njira yopitiriza sukulu, mpaka adamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America mu 2014. Mantha sadamchokere asanayankhule. Adayankhula ali nawo.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti akunena zoona za iye mwini? Choyamba, aziwerenga umboni m'malo momvera mtima wokha, popeza mtima umasinthasintha ngati madzi a m'dambo la Ndindi. Mlimi amene wakolola bwino zaka zisanu zotsatizana, mvula yochepa ndi yambiri yomwe, sangapitirize kunena kuti ndi mwayi. Chachiwiri, azidziwa malire a munda wa nzeru zake. Katswiri wa thonje akafunsidwa za matenda a ng'ombe, yankho loyenera ndi lakuti, "Zimenezo kafunseni alangizi a ziweto." Kuvomera malire kotere kumalimbitsa dzina la munthu, chifukwa amene wamva "sindidziwa" woona amakhulupiriranso "ndikudziwa" wa munthu yemweyo. Chachitatu, azitchula amene adamphunzitsa. Wotchula aphunzitsi ake saopa kutulukiridwa, pakuti sadabise kumene adatunga madzi.

Masiku ano kumanga dzina kwaphweka. Wachinyamata wokhala ndi foni angadzitche katswiri pa Facebook kapena pa WhatsApp m'mawa, pofika madzulo anthu mazana atamumva. Chiyeso chotchuka msanga n'chachikulu, makamaka pamene dzina likubweretsa makasitomala ndi ndalama. Koma dzina la ukatswiri lili ngati ngongole: amene amkhulupirira munthu ampatsa mbewu zawo, ndalama zawo, mwinanso thanzi la ana awo, ndipo iye ayenera kubweza ndi malangizo oona. Kufuna kudziwika si tchimo ngati chimene chikudziwikacho chilipodi ndipo chikuthandiza anthu. Kulakwa kumayamba pamene dzina lakula kuposa ntchito, kapena pamene ntchito yabisidwa poopa dzina.

Choncho mayi wa kwa Ngabu uja sadachimwe pochita manyazi, chifukwa manyazi amabwera osaitanidwa. Chimene adaphonya n'chakuti nzeru zake sizidali zake yekha. Adazilandira kwa amayi ake, kwa alangizi ndi ku zolakwitsa za zaka zambiri, ndipo ali ndi udindo wozipatsira ena. Sakufunika kudzitcha katswiri. Chionetsero china chikadzafika, kudzakwanira kuti adzaimirire, ngakhale mawu akunjenjemera, nadzanena kuti, "Anzanga, zonse sindidziwa, koma za mbozi za m'thonje ndikuuzani zimene ndaona." Akadzatero, dzina adzampatsa ndi anthu amene minda yawo idzapulumuke.