Kodi Tsigiro Tiwapatse Liti Ana Athu?

Khutuba yoyamba

Timutamanda Allah, Mwini nyanja ndi mtunda, Amene amatumiza mphepo ndi kuiletsa monga wafunira. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa Maswahaba ake onse. Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni choyamba, kenako inu, kuti timuope Allah poyera ndi mseri.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, masiku apitawa achinyamata a madrasa yathu anatiitana kuti tikaonere nawo filimu. Tinapita monyinyirika, poganiza kuti tikukataya nthawi. Filimuyo ndi ya ku America, dzina lake Morning Light, ndipo inatuluka mu 2008. Ikuonetsa zinthu zimene zinachitikadi. Si zonse za m'menemo zogwirizana ndi khalidwe lathu, koma nzeru, paliponse pamene yapezeka, Msilamu amaitola.

Nkhani yake ndi iyi. Kuyambira 1906 kumachitika mpikisano wa ngalawa za matanga wotchedwa Transpac. Masiku ano umayambira ku Los Angeles n'kukathera ku Honolulu, pa zilumba za Hawaii, ulendo wa makilomita oposa 4000 pa nyanja ya Pacific, popanda doko lopumirapo. Mkulu wina wachuma, Roy Disney, amene anapikisanapo maulendo ambiri pa njirayi, anaganiza zopereka ngalawa kwa achinyamata okhaokha pa mpikisano wa 2007. Anthu 538 anapempha malo. Anasankhapo 15, a zaka 18 mpaka 23, ndipo anawaphunzitsa miyezi isanu ndi umodzi ku Hawaii. Ngalawayo, yotalika pafupifupi mamita 16, inafunika amalinyero 11. Achinyamatawo anasankhana okha, nasankhanso mtsogoleri wawo, Jeremy Wilmot wa ku Australia. Tsiku lonyamuka, palibe mphunzitsi amene anakwera nawo ngalawayo.

Filimu itatha, mnyamata wina anatifunsa kuti: "Shehe, kodi akuluakulu athu kuno angatipatse bwato ngati mmene anachitira mkulu uja?" Usiku umenewo sitinamuyankhe. Funso lake tabwera nalo pa mimbari lero, chifukwa ndi funso la mzikiti wonse. Kodi n'koyenera kuti wamkulu apereke tsigiro kwa mwana, podziwa kuti nyanja imapha?

Tiyambe ndi kuwamvetsa akuluakulu. Ife a m'mbali mwa nyanja ya Niassa tikuudziwa mwera. Tasambitsa matupi a anyamata amene anapita ku usipa madzulo akuseka, ndipo taima pa swala ya janaza pambali pa bambo amene mawu anawathera. Bambo wokaniza mwana wake bwato nthawi zambiri amachita zimenezo chifukwa cha chikondi chosakanikirana ndi mantha. Moyo wa mwana ndi amana, chinthu chimene Allah watisungitsa, ndipo adzatifunsa za icho. Aliyense wonyoza mantha amenewa sanaikepo mwana m'manda.

Koma mnyamata uja nayenso ali ndi mlandu wake womveka. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Munthu amene sanagwirepo tsigiro pa bata sangaligwire pa namondwe. Ndipo tsiku limene adzaligwire likubwera, tifune tisafune, pakuti tonse tidzanyamulidwa pa jeneza. Roy Disney anali ndi zaka 77 pamene ana aja ankanyamuka, ndipo anamwalira mu 2009. Anapereka ngalawa akadali ndi maso oonera mmene ikuyendera, ndi pakamwa powongolera olakwa. Wamkulu wokakamira tsigiro mpaka imfa amasiyira ana ake bwato pa tsiku limene iye sangathenso kuwalangiza.

Nanga Sunna ya Mtumiki wathu, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ikutiphunzitsa chiyani? Pa nkhondo ya Uhud, m'chaka chachitatu cha Hijra, anyamata ena anabwera kudzapempha kuti alowe nawo m'gulu la nkhondo. Mtumiki anawayang'ana nawabweza kwawo chifukwa anali aang'ono. Pakati pawo panali Abdullah mwana wa Umar, wa zaka 14, ndi Usama mwana wa Zaid. Patapita zaka zisanu ndi zitatu, m'chaka cha 11 cha Hijra, Mtumiki yemweyo anamuika Usama yemweyo kukhala mtsogoleri wa gulu la nkhondo lopita kumalire a Sham. Usama anali asanapyole zaka 20, ndipo m'gulumo munali akuluakulu monga Umar mwana wa Khattab. Ena anang'ung'udza. Mtumiki, ali m'matenda ake omaliza, anawatsutsa natsimikiza kuti mnyamatayo ndi woyenera. Mtumiki atamwalira, Abu Bakr anakana kumuchotsa. Anamuperekeza wapansi, Usama ali pa chokwera, ndipo pofuna kuti Umar atsale naye ku Madina, Khalifayo anachita kupempha chilolezo kwa mnyamatayo.

Taonani, abale: dzanja limene linabweza Usama pa Uhud ndi lomwelo limene linamupatsa mbendera. Pakati pa masiku awiriwo panali zaka za kuleredwa pafupi ndi Mtumiki ndi kuyesedwa, monga pa Hunain pamene Usama anali mwa ochepa amene sanathawe. Choncho yankho la funso lathu lili m'zaka za pakatizo. Tsigiro limaperekedwa kwa amene waphunzitsidwa ndi kuyesedwa, ndipo udindo wophunzitsa ndi kuyesa uli pa wamkulu. Ngati mwana wafika zaka 25 osadziwa kuwongolera bwato, woyamba kufunsidwa ndi mwini bwato.

N'zimenenso tinaona m'filimu muja. Akuluakulu asanawasiye okha, anaphunzitsa anawo kusintha matanga mumdima, kuwerenga mphepo, ndi kupulumutsa mnzawo akagwera m'madzi. Pa njira imeneyi pali chigawo cha nyanja chimene mphepo imafa. Wodutsa pafupi nacho amafupikitsa ulendo koma akhoza kuima masiku pa bata, pamene wolambalala kummwera amatalikitsa njira koma amapeza mphepo yokhazikika. Chisankho chimenecho anawo anachipanga okha, pakati pa nyanja, atatopa ndi kusowa tulo. Anatha kutero chifukwa wina anakhala nawo pansi miyezi yambiri asananyamuke.

Apa tidziyang'ane tokha, pakuti zolakwa zathu ndi ziwiri. Choyamba ndi kukakamira. Pali mizikiti imene buku la chuma, makiyi ndi mpando wa komiti zakhala m'manja amodzimodzi zaka makumi awiri, pamene anyamata ndi atsikana odziwa kuwerengera, odziwa Chiarabu ndi Chipwitikizi, amakumbukiridwa pa tsiku losesa ndi lokumba manda basi. Kenako timadabwa akasiya kubwera. Chachiwiri n'choopsa kuposa choyamba: kutaya mwana n'kumakutcha kumukhulupirira. Mwini khoka amatumiza anyamata pa nyanja usiku ndi bwato lothonya, lopanda chovala choyandamitsa ngakhale chimodzi, ena mwa iwo osadziwa kusambira, iye n'kugona kunyumba akunena kuti wayadzamira mwa Allah. Imeneyo si tawakkul. Mtumiki analangiza munthu wa ngamira kuti ayambe waimanga, kenako ayadzamire. Mneneri Nuh, mtendere ukhale pa iye, analonjezedwa chipulumutso, komabe anasema matabwa ndi manja ake mpaka chombo chinatha.

Inunso achinyamata, mverani. Mwa anthu 15 aja, anayi sanakwere nawo ngalawayo, atavutika miyezi yonseyo pamodzi ndi anzawo. Wofuna tsigiro avomerenso kuti tsiku lina anzake adzasankha wina, ndipo iye adzakoka chingwe popanda chiwawa. Ndipo ana aja sanapambane. Atayenda masiku oposa khumi, anafika achitatu m'gulu lawo, atapitiriridwa ndi amalinyero odziwa nyanja kuposa iwo. Mphamvu za unyamata sizilowa m'malo mwa zaka. Musanene kuti tsabola wakale sawawa. Nkhalamba imene imayang'ana mitambo madzulo n'kunena kuti lero musapite, inagula chidziwitso chimenecho ndi maliro a anzake.

Tanena zimenezi, ndipo tikupempha Allah atikhululukire ife ndi inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

Khutuba yachiwiri

Timutamandanso Allah, ndipo tikupemphera madalitso ndi mtendere pa Mtumiki Wake.

Abale olemekezeka, m'hadith imene anailandira Nu'man mwana wa Bashir, Mtumiki anafanizira anthu ndi okwera chombo chimodzi, ena pamwamba, ena pansi. Apansi anaganiza zoboola mbali yawo kuti atunge madzi osavutitsa apamwamba. Akalekereredwa, onse amira, ndipo akaletsedwa, onse apulumuka. Akuluakulu ndi achinyamata a mzikiti uno ali m'chombo chimodzi. Apamwamba akatseka njira, asadabwe kumva nkhwangwa ikulira pansi.

Tikupempha zinthu zitatu Ijumaa ikubwerayi isanafike. Komiti ya mzikiti ikhale pa shura, isankhe achinyamata awiri oti ayambe kusunga buku la chuma pamodzi ndi msungichuma. Mwini bwato aliyense ayang'ane bwato lake, ndipo asatumize pa nyanja mwana amene sadziwa kusambira. Bambo ndi mayi aliyense asankhe ntchito imodzi imene wakhala akuigwira yekha, aiphunzitse mwana wake mwezi uno. Kwa mnyamata amene anatifunsa uja, yankho lathu ndi ili: inde, bwato mudzapatsidwa, ndipo maphunziro ake ayambe mawa ikatha swala ya Fajr.

Ambuye wathu Allah, sungani ana athu pa nyanja ndi pamtunda. Akhululukireni amene anamira, ndipo limbitsani mitima ya makolo awo. Apatseni akuluakulu athu mtima wophunzitsa, ndi achinyamata athu mtima womvera. Tifikitseni tonse pa doko la mtendere. Amin.

Imirirani ku swala.