Kodi timalipira ntchito kapena timalipira munthu?

Ambiri a ife kuno ku Mbombwe tili ndi wachibale amene amalawirira kuntchito ku Limbe, kapena amene ali m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mwezi ukatha, kawirikawiri mayi amabwera ndi ndalama zochepa kuposa bambo, chonsecho onse anakhetsa thukuta tsiku lathunthu. Funso lathu sabata ino ndi lakuti: kodi zimenezi n'zachilungamo?

Lamulo linayankha kale. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994, komanso Gawo 6 la lamulo la za ntchito la 2000, amafuna kuti ntchito zolingana zilipidwe mofanana, wogwirayo akhale mwamuna kapena mkazi. Dziko la Malawi linavomereza pangano la bungwe la ILO pa nkhaniyi mu 1965. Koma kusiyanaku sikulembedwa poyera. Kumabisala m'maina a ntchito: awiri akugulitsa m'sitolo imodzi, mwamuna n'kutchedwa woyang'anira, mkazi wothandizira. Pena mayi amangolembedwa ntchito ya miyezi yochepa, poopa kuti akakhala woyembekezera adzafuna tchuthi cholipidwa cha masabata 8 chimene lamulo limam'patsa.

Chifukwa chimene timamva kawirikawiri n'chakuti mwamuna ndiye amadyetsa banja. Tisafulumire kuchinyoza, poti onena zimenezi ambiri amaganizira ana. Koma tiyeni tichiyese. Ngati malipiro ayenera kutsata kukula kwa udindo, tiyang'ane m'midzi mwathu. Kuno ku Chiradzulu amuna ambiri ndi akamwini, ndipo ana ndi a kuchikazi. Ukwati ukatha, kapena bambo akalowera ku Johannesburg osatumiza kanthu, amene amatsala ndi fizi, feteleza ndi ndiwo ndi mayi. Potero woyenera kulandira zambiri akanakhala iyeyo. Ngati malipiro ayenera kutsata ntchito, ndiye kuti mizere 50 yopaliridwa ndi mizere 50 basi, khasu agwire ndani. Njira zonse ziwirizi sizikutilola kum'patsa mayi zochepa.

Chovuta n'chakuti nafenso ndife olemba ntchito. Mu Januwale, njala ikafika pachimake, timalemba aganyu. Bambo akanenerera mtengo timati ndi wochenjera. Mayi akatero timati ndi wamwano. Akalandira zochepa timadzitonthoza kuti anavomera yekha. Koma munthu amene wasiya ana osadya kunyumba amavomera chifukwa cha njala, ndipo ife timapindula ndi njala yakeyo. Mwana wathu wamkazi akamaona zimenezi amaphunzira kuti manja ake ndi otchipa, ndipo adzalowa nalo phunzirolo mu ofesi ya abwana ku Limbe.

Tisanakumanenso, aliyense akumbukire munthu amene anam'lemba ganyu komaliza. Tinayamba ndi kuyeza ndime n'kuika mtengo, kapena tinayamba taona kaye amene wabwera? Tidzakambirane zimene tapeza, popanda kulozana zala.