Kodi Ncifundo Kumasula Cingwe?

Pfupa la m'nchafu likathyoka, minofu ya mwendo, pokhala yamphamvu, ikoka zidutswa ziwirizo kuti zipitirirane. Ndipo zikalumikizana cotero mwendo ufupika, munthu natsimphina masiku ace onse. Cifukwa cace m'zipatala zambiri amgoneka wodwala cagada, napyoza kacitsulo m'pfupa la kunsi kwa bondo, namangapo cingwe, napacika colemera kumiyendo kwa kama, kuti cikoke usana ndi usiku. Munthu wamkuru agona motero masabata 6, ena kufikira 12.

Apa pali mlandu umene ndifuna tiuweruze pamodzi, abale, pakuti ambiri a ife tidzakhala tsiku lina pambali pa kama wotere, kudwazika mbale wathu. Pakati pa usiku wodwala alira, nati, "Mlongo wanga, tandinyamulirako colemeraci pang'ono pokha ndipumule, anamwino sadzadziwa." Kodi womnyamulira ndiye wacifundo, ndi womkaniza ndiye wouma mtima?

Ine nditi iai. Wonyamula colemeraco wagula tulo ta usiku umodzi ndi mwendo wa mbale wace. Ndipo kawirikawiri, tisabise, atero popeza makutu a iye mwini alema nako kulirako. Koma namwino amene akana, nabweranso kudzamsambitsa, kumyalira nsaru youma yosakwinyika, ndi kupenya kumsana ndi kuzitende kuti pasabuke zironda za kugonetsa, ameneyo wamcitira zokoma, cinkana wodwala amtukwane.

Komatu wina asathamange nao mau awa, ndi kuyesa kuti kulira konse nkwa kulema. Talingalirani za cikhakha. Njira imeneyi ya kukulunga ciwalo ndi nsaru za pulasitala anailengeza Antonius Mathijsen, dotolo wa asilikari wa ku Holland, m'caka ca 1852, ndipo yathandiza anthu osawerengeka. Koma cikhakha cikauma sicifutukuka, pamene mkono wothyoka utupa masiku oyamba. Ukatupa m'katimo mwazi usowa poyenda. Pamenepo zala zizizira, zicita dzanzi, zituwa kapena kuda. Ululu ukulirakulira wosamva mankhwala, ndipo ukamuongola cala, wodwala akuwa. Kulira kumeneku sikufuna cipiriro. Cikhakhaco ciyenera kung'ambidwa ndi a cipatala usiku womwewo, pakuti maora owerengeka akwanira kupha minofu, dzanja nilikhala lopindika kosaongokanso. Wonena kwa mwana wotere, "Limba mtima, ndiwe mwamuna," namdikiritsa kufikira kuca, walakwa koposa mlongo uja wonyamula colemera.

Kumvera kulira konse nkwapafupi, kukana konse nkwapafupinso. Zonse ziwiri zilola wodwazika kubwerera pamphasa pace msanga. Colemetsa ndico kudzuka ndi kukapenya.

Ndinaona namwino wina wacikulire ataitanidwa ndi mnyamata kacitatu usiku umodzi. Sanamkalipira, sanamnyengereranso. Anagwira zala kuti amve ngati ziri zofunda, natsina cikhadabo kuti aone ngati mwazi ubwerera msanga, namuuza azigwedeze cimodzi cimodzi. Zonse zinali bwino; kunali kunyerenyesa cabe. Pamenepo anakweza mkonowo pamtsamiro, namlanda kamtengo kamene anabisa kuti azikandira m'kati, pakuti kotere kacekula khungu pamalo posaoneka, nati, "Gona, mwana wanga. Zikayamba dzanzi undiitanenso."